Botolo Lonunkha Utsi

Ndisanapite ku Joni sindinkadziwa kuti padziko pano pali anthu amene amagula utsi n'kumamwa. Kwathu kuno, kumapiri a Ntchisi, utsi ndi chinthu chochititsa manyazi. Ukakwera minibasi pa Malomo malaya akununkha kukhitchini, woyandikana naye amatembenuzira mphuno kuwindo, ndipo kondakitala amadziwiratu kuti ndiwe wakumudzi. Ine ndinakulira mu utsi umenewo, chifukwa amayi anga, a Namwale, ankatcheza kachasu.

Anayamba bambo atamwalira. Anali ndi mtsuko waukulu ndi paipi yodutsa m'madzi ozizira, kuseri kwa nthochi kumunsi kwa nyumba, ndipo madeya ndi shuga sizinkasowa pakhomo pathu. Kachasu ameneyo ndi amene anandiphunzitsa sukulu, ndipo ndi yemweyo amene anawadulitsa mu mpingo. Pa bwalo la akulu a mpingo limene linawadula panali mlongo wawo wa bere limodzi, amalume a Yotamu. Akuti ndiwo anayankhula kwambiri tsiku limenelo, kuti anthu aone kuti iwo pa za Mulungu sayang'ana nkhope. Amalume anga amavala jekete ngakhale mu Okutobala, ndipo akamapemphera amatsegula diso limodzi kuti aone amene sanatsinzine.

Amayi sankaopa imfa, ankaopa maliro opanda nyimbo. Kwathu munthu wodulidwa akamwalira kwaya siibwera, amayi a mpingo savala yunifolomu, abusa sapondapo. Anthu amangonyamula bokosi mwakachetechete, mapazi okha kumamveka m'njira. M'mawa umene ndinkanyamuka anandiperekeza mpaka kumsewu, ndipo nditakwera kabaza anagwira chikwama changa.

"Bambo, mukakapeza ganyu kumeneko, ine mtsuko uja ndiswa," anatero. "Ndikufuna ndidzapite ndi nyimbo."

Za m'njira sindinena zambiri. Basi inkanunkha usipa ndi mapazi, ndipo pa chipata chilichonse cha dziko wina ankatiyang'ana ngati tamubera mbuzi. Ku Joni kwenikweni sindinakhalitse, ndinapitirira ku Kepi, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, kumene kunali Lameki, mnzanga wa ku Madisi amene ankagwira ntchito m'maluwa a azungu. Tinkagona mu mkuku, kanyumba ka malata okhaokha, makoma ndi denga lomwe. Kumeneko mvula imagwa nthawi yozizira, ngati kuti dzikolo linasokonezeka mutu, ndiye tinkasonkha moto wa matabwa otola m'mbaula n'kumatsokomola. Eni dziko ankatitchula mayina onyoza, koma akafuna munthu wokhulupirika woti amusiyire makiyi ankafunsa Mmalawi. Lameki ankati ife ndife agalu abwino: satikonda, koma sagona popanda ife.

Ntchito ndinaipeza m'bala ina yoyang'anana ndi nyanja, yogulitsa wisiki yekhayekha. Mwini wake anali mayi wachizungu wowonda, wa tsitsi lalifupi, tinkangoti Madamu. Ndinayamba ndi kutsuka matambula, kenako anandikokera kutsogolo chifukwa chizungu changa chinali chaulemu. Mabotolo anali khoma lonse, magetsi kuwawalira kumbuyo ngati zinthu zopatulika.

Anthu ake ndiye ankandiseketsa. Munthu wamkulu, imvi mbuu, galimoto yake yokwana kugula mudzi wathu wonse, kulowetsa mphuno m'tambula, kutsinzina, n'kuyamba kulosera. Uyu akuti ndikumva uchi, uyo akuti ndikumva chikopa cha mpando wakale, winayo akuti mapeyala ophika. Mowa wake kadontho pansi pa tambula, koma nkhani yake yotalika kuposa mlandu wa munda. Kwathu chidakwa chimadziwika kuti ndi chidakwa, ndipo chimagwera m'ngalande moona mtima. Awa ankaledzera chimodzimodzi, kungoti ankayamba alemba m'foni zimene mphuno yawo yamva.

Anali a mitundu iwiri. Ambiri ankakonda beboni, wisiki wa ku Amereka, wofiirira, wotsekemera, woyenda pakhosi mosavuta. Tsiku limene Madamu anandiuza kuti beboni amamupanga ndi chimanga, n'kumusunga m'migolo ya matabwa owauka mkati, ndinakaseka kumalo otsukira. Nditamufotokozera Lameki anagwetsa supuni.

"Ndiye kuti ndi kachasu amene anapita kusukulu," anatero. "Amayi ako anangolakwitsa dziko lobadwira. Akanabadwira kumeneko bwenzi nkhope yawo ili pa botolo."

Ena ochepa ankamwa wa ku Sikotilandi, wa mbewu ya balele imene amaiumitsa pa utsi wa dothi lakuda la m'madambo. Waukali wake unkanunkha ngati bandeji ya kuchipatala yagwera pamoto, ndipo akumwa ake ankayang'ana a beboni aja ngati ana oyamwa switi. Madamu ankafuna kuti a beboni awolokere ku utsi, chifukwa kumeneko ndi kumene kunali phindu. Anali ndi botolo limodzi la ntchito imeneyo, ankalitcha khomo. Mowa wake unali wofatsa, wotsekemera poyamba ngati beboni yemwe, ndipo utsi wake unali wochepa, wongofika pamapeto munthu atameza kale.

Anandiphunzitsa kagulitsidwe kake. Usayambe ndi kutchula utsi, munthu amathawa. Uthire pang'ono, udonthezemo madzi, umusiye anunkhize yekha. Akamwa n'kukweza nsidze, ndiye uyankhule. Ine ndinkati, "Bwana, kutsekemera mumakonda kuja kuli momwemo, utsiwo ukungobwera kudzatsanzika." Ankagwedeza mutu ngati amva ulaliki. Pakapita masabata ankabwera okha kudzafunsa botolo lomwelo, ndipo ena ankapitirira mpaka ku wa bandeji uja. Ndinatembenuza anthu ambiri m'bala imeneyo kuposa amene amalume anga anatembenuza mu mpingo.

Tsiku lina lozizira bambo wina wonenepa, yemwe ndinamuphunzitsa ndekha kumwa utsi, anaitana Madamu n'kumunong'oneza. Madamu ananditengera pambali. Akuti juzi yanga ikununkha moto wa mbaula, ikusokoneza mphuno za makasitomala. Ndinamuyang'ana bamboyo ali ndi tambula ya utsi m'manja, akuinunkhiza mwachikondi. Ndinangovula juzi n'kumagwira ntchito ndikunjenjemera. Koma kuyambira tsiku limenelo ndinkawanyoza onse mumtima, ndikuwamwetulira.

Amayi anasunga mawu awo. Nditangoyamba kutumiza kangachepe, mlongo wanga Esinta anandiimbira foni kuti mtsuko auswa ndi munsi, anthu akuona, ndipo paipi aiponya m'chimbudzi. Analowa kalasi ya obwerera, ya anthu odulidwa amene akupempha kubwezedwa mu mpingo. Lamlungu lililonse ankakwera phiri kupita kutchalitchi, kukakhala kumbuyo, n'kumatuluka nthawi ya mgonero ikakwana. Ena amene analowa nawo kalasi imeneyo anabwezedwa, ngakhale bambo wina amene anali ndi mitala. Nkhani ya amayi inkangoti ikafika, akulu amati tionenso. Kachasu ndi tchimo lonunkha, anthu saliiwala msanga.

Nditabwera kudzacheza pa Khirisimasi ina, m'chikwama munali botolo la beboni limene kasitomala wina anandipatsa. Amalume anabwera kudzandilonjera, jekete ili m'thupi, ndipo maso awo anatera pa botololo ngati ntchentche pa mango. Anayamba kutsokomola.

"Mphwanga, chifuwa ichi chandivuta kuyambira nthawi yokolola. Ndimamva kuti azungu ali ndi mankhwala ena ofiira, amatenthetsa m'kati."

Ndinawathirira m'kapu ya tiyi. Anapemphera kaye, diso limodzi lili pa chitseko, n'kumwa. Anati si mowa umenewu, mowa sutsekemera chonchi. Botolo linapita nawo m'thumba la jekete, ndipo ali pakhomo anandigwira phewa.

"Nkhani ya mlongo wanga ndikuiyendetsa. Zinthu za mpingo sizifuna phuma."

Nditabwerera ku Kepi chifuwa chawo sichinapolenso. Mwamuna wa mathiraki amene ankatinyamulira katundu wopita kumudzi ankadziwa kuti m'kati mwa bulangete la amayi muli mankhwala a amalume. Ndinkatumiza, nanga ndikanatani? Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Foni iliyonse inkayamba ndi chifuwa n'kuthera pa mawu omwewo, akuti nkhani ikuyenda. Inayenda zaka, koma sinkafika.

Chimene chinandibweza kumudzi ndi matenda a amayi. Esinta anati miyendo yatupa, phiri la kutchalitchi akukwera mopumira, ndipo adokotala akuti ndi mtima. Ndinatsanzika ntchito. Madamu anatsitsa botolo la khomo lija pa shelefu, losatsegula, n'kundipatsa. Anati palibe wina amene analigulitsa ngati ine. Lameki ataliona ndikulikulunga m'malaya anapukusa mutu.

"Limenelo ukamwe wekha. Kwathu utsi timauthawa, sitiugula."

Ndinamuseka. Ndinati amalume anga ndi munthu wa beboni, ndipo anthu a beboni ndi ntchito yanga.

Kumudzi ndinapeza aliyense wasintha dzina langa, akungoti a ku Joni. Asuweni amene sanandiimbirepo foni ankabwera kudzafunsa ngati ndawasungira nsapato. Amayi okha ndi amene sanafunse kanthu. Anali pamkeka pakhonde, miyendo ili pa mpando, ataonda kumaso koma akusangalala. Anati akulu alonjeza kuti Loweruka likubweralo nkhani yawo itha, ndipo ngati Mulungu alola adya mgonero usanathe mwezi. Anali atachapitsa kale duku loyera.

Ndinaganiza zokawathokozeratu amalume. Ndinawapeza masana m'chigafa chawo akusankha fodya, jekete ataipachika pa mtanda. Ataona chimene ndinatulutsa anapukuta manja msangamsanga, n'kutsegula okha botolo. Anathira m'kapu yawo ya tiyi. Ine ndinachita monga ndinaphunzirira: sindinatchule utsi, ndinangodonthezamo madzi. Anamwa, anakweza nsidze, ndipo ndinali pafupi kuyamba ulaliki wanga pamene belu la njinga linalira panja.

Analowa anthu awiri. Woyamba anali a Kaphale, mphunzitsi wopuma ntchito amene anali mlembi wa mpingo, ndipo winayo anali mkulu wa mpingo wa kutsidya kwa dambo. Anabwera kudzakambirana za Loweruka. Anaima pakhomo, maso pa botolo, kenako pa kapu. Amalume anadzuka, kapu ili m'manja, nkhope itasanduka ya pa guwa.

"Mwafika bwino, akuluakulu. Taonani zimene mphwangayu wanditengera. Ndimati ndinunkhize kaye ndisananene kanthu, koma inunso nunkhizani."

A Kaphale analandira kapu n'kuibweretsa pamphuno. Anaichotsa msanga n'kumupatsa mnzawo.

"Utsi," anatero. "Ameneyu ndi wa kuseri kwa nthochi."

Ndinawauza kuti awerenge pa botolo, popeza iwo ndi aphunzitsi. Ndinati mowa umenewu wawoloka nyanja, ndipo utsiwo amauikamo dala, anthu olemera amaufuna. A Kaphale anaseka ndi mphuno.

"Achimwene, ife tinaona kachasu m'mabotolo a mafuta ophikira, a mankhwala a chifuwa, ngakhale a mkaka wa ana. Botolo ndi botolo. Mzungu ali ndi magetsi, angapange bwanji mowa wonunkha nkhuni? Mtunduwu mwathiramo masamba a tiyi. Amayi anu ayambiranso, ndiye inu mwati muwatseke pakamwa amalume anu."

"Amayi sangathe n'kutunga madzi komwe," ndinatero. "Afunseni amalumewa zimene ndakhala ndikuwatumizira m'mabulangete zaka zonsezi."

Amalume anayang'ana kudenga la chigafa ngati munthu wolasidwa.

"Mwamva? Mtchona saopa wamkulu. Ndi zimene amaphunzira kumeneko."

Palibe amene anandifunsanso kanthu. Mawu a mtchona sangalemere kuposa jekete. Anagwirizana kuti botolo lisungidwe ngati umboni, ndipo wolisunga akhale amalume, popeza ndi amene anagwira mlanduwo. Loweruka litafika linali litatsika mpaka pakati. Amalume anati linatayikira m'chikwama cha pa njinga, msewu wake ndi wa miyala. Akulu analinunkhiza mmodzimmodzi, aliyense kukwinya nkhope, ndipo onse anagwirizana kuti ndi utsi wa nkhuni za kwathu konkuno. Wina mpaka anati ndi wa mtengo wa msuku. Ndinakumbukira a mphuno aja a ku Kepi, ndipo ndinaona kuti opusa a dziko lonse ndi pachibale. Nkhani ya amayi anaiimika, akuti ayambirenso kalasi.

Ndinkaopa kuwauza amayi, koma Esinta anali atawauza kale. Ndinawapeza pakhonde pomwe paja, duku loyera lili pamiyendo, akulipinda. Ndinakhala pansi pafupi nawo ndipo ndinalira, ine bambo wandevu. Ndinati ndipita kwa abusa, ndibweretsa wa mathiraki uja adzachitire umboni, ndiwavula amalume pagulu.

"Ayi, bambo," anatero. "Ndi mlongo wanga, ndiye mwini mbumba. Mukamuvula, adzandiike ndani?"

Anasisita duku lija. Kenako anafunsa ngati n'zoona kuti mowawo umanunkha utsi. Ndinavomera.

"Ndiye zandipweteka pamenepo," anatero. "Kachasu wanga sananunkhepo utsi. Wonunkha utsi ndi wa anthu aphuma, ochulutsa moto mpaka kupsereza pansi. Wanga anali woyera ngati madzi a pakasupe, ndipo Yotamu akudziwa. Asanavale jekete ankamwa mutu wake, woyamba kudontha uja, osalipira."

Kalasi ija sanaiyambirenso, chifukwa phiri linali litawakanika. Anamwalira nthawi yozizira, m'mawa, Esinta akuwaphikira phala. Anthu anabwera ambiri, chifukwa amayi sanakanganepo ndi munthu. Amayi a mpingo anabwera m'zitenje wamba n'kukhala chapatali. Adzukulu okumba manda, ambiri mwa iwo makasitomala awo akale, anakumba bwino, mozama, osadandaula za miyala. Potuluka m'nyumba ndi bokosi Esinta anayamba nyimbo chapansipansi, ija amayi ankakonda kuimba akupeta, ndipo amayi awiri atatu anayamba kuyankha. Amalume anakweza dzanja. Nyimbo inafera pomwepo, ndipo mpaka kumanda tinkangomva mapazi.

Kumandako amalume anayankhula monga mwini mbumba. Anati mlongo wawo anali munthu wabwino, koma malamulo a mpingo sayang'ana nkhope, ndipo iwo mtima ukuwawawa kuposa aliyense. Anapukuta diso limodzi ndi mpango. Duku loyera lija tinawaveka amayi m'bokosi, ine ndi Esinta, osapempha chilolezo kwa munthu.

Ku Joni sindinabwererenso. Ndimalima chimanga ndi soya pamunda wa amayi, ndipo malaya anga amanunkha utsi ngati a wina aliyense. Lameki amaimba foni nthawi zina, akuti bala ija ikadalipo ndipo Madamu anapeza Mmalawi wina wotsegula khomo.

Patapita masabata angapo chichitikire maliro, ndinali pakhonde ndikukonza mpini wa khasu pamene ndinamva chifuwa chodziwika chikubwera m'njira. Amalume anakhala pa mpando umene amayi ankaikapo miyendo. Anafunsa za mbewu, za mtengo wa feteleza, za Esinta. Kenako anayang'ana uku ndi uku n'kutsitsa mawu.

"Mphwanga, zakale zinapita, ife ndi amodzi. Chifuwa chija chayambiranso. Otsekemera aja tsopano ndikuona kuti sankafika pamalo pake. Koma aja munabwera nawo komalizawa, a kautsi aja, amene aja ndiye ankagwira. Kodi ku Lilongwe sangapezeke?"

Ndinawayang'ana. Madamu akanamva akananyadira, chifukwa botolo lake silinalepherepo pa munthu wa beboni. Ndinapitiriza kusema mpini wanga.

"Amenewo sapezekanso, amalume," ndinatero. "Munanena nokha kuti anali a amayi. Wotcheza wake munamuika m'manda."